Mphatso za Khirisimasi zosoka ndi zidutswa: makina akavuta, yang'anani apa poyamba

Novembala akamatha, mafunso amene ndimalandira kwa amayi ndi atsikana amene timasoka nawo amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Wina watola thumba la zidutswa za zitenje kwa telala wa pakhonde la sitolo, wina wafukula zotsala za yunifolomu ya ana, mazipi osomola ku zovala zakutha ndi mabatani a m'chitini. Cholinga n'choti pofika pa 25 Disembala pakhale tizikwama, maepuloni, mapilo, zidole ndi zogwirira mphika zoti apatse abale. Ndiye makina amene akhala akusoka bwinobwino chaka chonse amayamba kudula ulusi, kudumpha, kapena kumeza nsalu.

Kawirikawiri makinawo sakhala atawonongeka. Chimene chasintha ndi zimene mukuwapatsa. Posoka diresi mumasoka nsalu imodzi kuyambira pakhosi mpaka pampendero. Posoka zidutswa, pa msoko umodzi wokha singano imalowa m'chitenje, n'kukwera pa jinzi, n'kutsikira pa kansalu kopyapyala ka m'kati mwa jekete, ulusi wake uli wotsala wa zaka zitatu zapitazo, kunja kukugwa mvula, inu muli pa changu. Pansipa ndaika mavuto malinga ndi mmene amaonekera. Pa vuto lililonse, chifukwa chimene ndalemba poyamba ndicho chimapezeka kwambiri, ndipo chomaliza ndicho chosowa. Musayambire kumunsi.

## Musanamasule sikuluwu iliyonse

Chitani zinayi izi kaye. Zimatenga mphindi zochepa ndipo zimathetsa madandaulo ambiri amene anthu amabwera nawo.

- Sololani ulusi wonse, wa pamwamba ndi wa m'bobini (kokulungirapo ulusi wa pansi), mulowetsenso mwatsopano phazi lopanikiza nsalu lili m'mwamba.
- Ikani singano yatsopano.
- Tsegulani pansi, muchotse tiubweya ta nsalu ndi mswachi wakale wouma.
- Yesani pa tizidutswa tiwiri ta nsalu zomwezo zimene mukufuna kulumikiza, osati pa nsalu ina iliyonse imene ili pafupi.

## Ulusi ukuwunjikana pansi pa nsalu

Pamwamba msoko ukuoneka bwino, koma mukatembenuza mukupeza chimtolo cha ulusi chopiringizika, nthawi zina mpaka nsalu yakanirira pa makina. Anthu ambiri akaona izi amathamangira ku bobini poti vuto laonekera pansi. Komatu ulusi wowunjikanawo nthawi zambiri ndi wa pamwamba. Mukafuna kutsimikiza, ikani ulusi wofiira pamwamba ndi woyera m'bobini, musoke pang'ono, muone mtundu umene wapiringizika.

1. Munalowetsa ulusi phazi lili pansi. Timbale tiwiri ta tenshoni, topana ulusi wa pamwamba kuti ukungike, timatseguka phazi likakwezedwa, ndipo timatsekeka likatsitsidwa. Mukalowetsa ulusi titatsekeka, ulusiwo umangodutsa kunja osagwidwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsitsani phazi, kokani ulusi pafupi ndi singano. Ukabwera mopepuka ngati palibe chougwira, sunalowe. Kwezani phazi, lowetsaninso.
2. Ulusi waphonya kachitsulo kokwera ndi kutsika. Kachitsulo kameneka ndiko kamakoka ulusi kuti mfundo imangike. Zungulitsani gudumu mpaka kafike pamwamba penipeni, ndiye mupisemo ulusi.
3. Simunagwire michira ya ulusi poyamba kusoka. Vuto ili limakula posoka zidutswa chifukwa misoko yake ndi yaifupi, mumayamba ndi kuima kambirimbiri. Kokerani ulusi wonse uwiri kumbuyo kwa phazi, masentimita ngati 10, muugwire ndi chala mpaka singano italowa katatu.
4. Gudumu labwerera m'mbuyo. Pa makina opalasa ndi mapazi, ngati a Singer akale kapena a Butterfly, gudumu liyenera kuzungulira kubwera kwa inu. Likabwerera ngakhale pang'ono ulusi umakodwa mu shatulo, chitsulo cha pansi chimene chimatola ulusi pa singano. Yambitsani ndi dzanja, mapazi alandire gudumu likuyenda kale.
5. Mwaiwala kutsitsa phazi. Pa malo okhuthala phazi limaoneka ngati latsika chifukwa lakhudza nsalu, chonsecho likadali m'mwamba.
6. Bobini yalowa molakwika kapena ulusi wake sunadutse pansi pa kachitsulo kopyapyala ka pa kesi yake.

Nsalu ikakanirira musaikoke. Kwezani singano, lowetsani lumo laling'ono pansi pa nsalu mudule ulusi, tulutsani bobini, muchotse tiulusi tonse musanayambenso.

## Ulusi wa pamwamba ukungoduka

1. Ulusi ndi wakale. Uwu ndiwo msampha wa zotsala. Ulusi wa thonje ukakhalitsa padzuwa kapena pa chinyontho umafooka. Dulani kautali ngati mkono, kokani ndi manja awiri. Ukaduka mosavuta, usungeni kuti muzigwiritsa ntchito pogwiriziza nsalu ndi manja, koma usapite pa makina. Chikwama chosokedwa ndi ulusi wotere chimasomoka Januwale asanathe.
2. Singano yalowa chotembenuka kapena sinafike pamwamba. Singano ili ndi kangalande kakatali mbali imodzi. Kangalandeko kayang'ane mbali imene ulusi umalowera pa diso la singano. Pa makina ambiri amakono a m'nyumba ulusi umalowera kutsogolo, ndiye mbali yafulati ya kumutu kwa singano imayang'ana kumbuyo. Pa makina akale achitsulo ulusi umalowera cham'mbali, ena kumanzere ena kumanja, choncho onani a kwanuwo. Kankhirani singano m'mwamba mpaka igunde, kenako mumange.
3. Ulusi wakula kuposa diso la singano. Ulusi wokhuthala wosokera jinzi sungayende mu singano ya nambala 70/10 kapena 80/12. Umafuna 100/16 kupita m'mwamba.
4. Tenshoni yathina kwambiri. Masulani pang'onopang'ono, mukuyesa pa kachidutswa nthawi iliyonse. Pa makina okhala ndi manambala, pakati pa 3 ndi 5 ndi pamene nsalu wamba imasokeka bwino.
5. Ulusi ukukodwa pamene wakhala. Nthawi zina umakulungika pa kamtengo kokhazikapo ulusi, kapena umagwidwa pa kamng'alu ka m'mphepete mwa chokulungirapo chake.
6. Pali pokanda. Singano ikathyoka imasiya chipsera pa kambale kokhala ndi kabowo ka singano kapena pa nsonga ya shatulo, ndipo chipseracho chimadya ulusi. Pititsani chala mosamala pa kabowo ka singano. Mukamva pokala pa kambale, mukhoza kusalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri. Pokalapo pakakhala pa nsonga ya shatulo, siyani, imeneyo ndi ntchito ya wokonza makina.

## Makina akudumpha, kapena singano ikuthyoka pa mphambano za misoko

Izi ziwiri ndaziphatikiza chifukwa posoka zidutswa zimachitikira malo amodzi: pamene misoko inayi yakumana, kapena pamene chogwirira cha chikwama chalowa m'kamwa mwa chikwamacho. Pamenepo nsalu zimatha kusanjikizana zisanu ndi chimodzi kapena kuposa.

Singano yabuntha kapena yapindika. Chifukwa chachikulu ndi chimenechi. Singano siikhalitsa monga ambiri amaganizira. Osoka ambiri amaisintha ikagwira ntchito maola ngati 8, ndipo zitenje zolimba ndi sitachi zimaibunthitsa msanga. Mukamva kaphokoso koti "thu, thu" ikamalowa mu nsalu, yatha. Kuti muone ngati yapindika, igonekeni pa galasi mbali yafulati ili pansi.

Singano siyoyenera nsaluyo. Nambala 70/10 ndi ya nsalu zopyapyala, 80/12 ndi 90/14 ndi za chitenje ndi nsalu za malaya, 100/16 ndi 110/18 ndi za jinzi ndi tenti. Polumikiza nsalu ziwiri zosiyana, sankhani singano potengera yokhuthalayo. Zidutswa za sikipa ndi nsalu zina zotanuka zimafuna singano ya nsonga yobulungira, apo ayi makina azidumpha ngakhale atakhala abwinobwino. Chinanso, pogula nenani kuti makina anu ndi a m'nyumba. Singano zake, zolembedwa 130/705H kapena HAx1, zili ndi mbali yafulati kumutu. Za makina a magetsi a m'mashopu a matelala, monga zolembedwa DBx1, n'zobulungira ponseponse ndipo sizikhala bwino pa makina a m'nyumba.

Phazi lapendekera. Likamakwera pa malo okhuthala, kutsogolo kumadzuka kumbuyo kuli pansi, ndipo nsalu imasiya kugwidwa. Pindani kachidutswa kafanane kukhuthala ndi malowo, mukaike pansi pa phazi kumbuyo kwa singano, phazi likhale lofanana. Pamalopo zungulitsani gudumu ndi dzanja, kubaya kumodzikumodzi. Talikitsaninso msoko ufike mamilimita 3 kapena 3.5.

Malowo akhuthala mopitirira. Sitani misoko motsegula, kapena umodzi ugonere kumanja wina kumanzere kuti isasanjikizane. Pa jinzi, ikani nsalu pa thabwa mumenye pang'ono ndi hamala, zimaphwa ndithu.

Mukukoka nsalu kumbuyo. Dzanja likakoka, singano imapindika n'kumenya kambale. Ntchito yokoka ndi ya mano a pansi. Manja anu angowongolera.

Mwasoka pa pini kapena pa mano achitsulo a zipi. Zulani pini isanafike pa phazi.

Mukaika singano yatsopano yoyenera, mwailowetsa bwino, koma ikumenyabe chitsulo pansi kapena makina akudumpha pa nsalu wamba yosanjikiza kawiri, ndiye kuti singano ndi shatulo sizikukumananso pa nthawi yake. Okonza amati taimingi yachoka. Lekerani pomwepo.

Singano ikathyoka, pezani zidutswa zake zonse musanapitirize, makamaka ngati mukusoka chidole kapena pilo. Ikani zidutswazo pamodzi muone ngati singano yakwana. Maginito amathandiza kufufuza. Nsonga ikapanda kupezeka, chinthucho chisapite kwa mwana.

## Kachidutswa kakumezedwa m'kabowo ka singano

Zimachitika ndi tizidutswa tating'ono kapena topyapyala mukayambira pamphepete penipeni. Yambani kusoka pa kachidutswa kena kotayika, ndipo osadula ulusi, lowetsani kachidutswa kanu kenikeni kumbuyo kwake. Njira yomweyi imapulumutsa ulusi wambiri: lumikizani tizidutswa tonse motsatana ngati mkanda, mudzadule pomaliza. Ngati zikuchitikabe, yalani pepala la nyuzi pansi pa nsalu, musoke limodzi, mudzang'ambe pepalalo. Singano yobuntha nayonso imakankhira nsalu pansi mmalo moiboola.

## Zidutswa zalumikizidwa koma sizikugona, zakwinyika kapena zapotoka

Apa ndi pamene mitima imasweka kwambiri, chifukwa vutoli limaonekera ntchito itapita kale patali. Mwalumikiza zigamba makumi awiri za chivundikiro cha pilo, mukuti muyale pa tebulo, pakati patukuka ngati chipewa ndipo ngodya sizikukumana.

1. Zidutswa zadulidwa mopingasa ulusi wa nsalu. Nsalu yoluka ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina m'lifupi. Mukaikoka motsata ulusiwo siitanuka kwenikweni, koma mukaikoka chopingasa, ngodya ndi ngodya, imatanuka kwambiri. Zidutswa za kwa telala zambiri zimachokera pokhota, monga m'khwapa ndi m'khosi, ndiye m'mphepete mwake ndi mopingasa. Kokani kachidutswa kalikonse mbali zonse musanadule, mupeze mbali yosatanuka, mbali zowongoka za chigamba chanu zitsate imeneyo.
2. Mpata wa msoko sukufanana. Mukasiya sentimita imodzi apa ndi sentimita ndi theka apo, pa zigamba zisanu mzere wina utalika kuposa unzake. Matani kachidutswa ka tepi pa kambale pa mtunda wa sentimita imodzi kuchokera pa singano, m'mphepete mwa nsalu muzitsata pamenepo. Dulaninso zigamba zonse ndi chikombole chimodzi cha katoni, osati choyerekeza ndi maso.
3. Simukusita msoko uliwonse. Ndikudziwa kuti kukoleza makala a simbi chifukwa cha tizigamba kumaoneka ngati kutaya nthawi, makamaka magetsi akathima, koma palibe njira ina. Sokani misoko yambiri motsatana, musite yonse pamodzi, kenako mulumikize mizere. Posita, khazikani simbi n'kunyamula. Mukamaikhwekhwereza, zopingasa zija zimatanuka.
4. Nsalu yolemera yalumikizidwa ndi yopepuka. Jinzi imakoka kansalu kopyapyala mpaka kukwinyika, ndipo ikachapidwa kangapo kopyapyalako kamang'ambika pamsoko. Sankhulani zidutswa m'milu itatu musanayambe: zolemera, zapakati, zopepuka. Mulu uliwonse upange mphatso yakeyake. Jinzi ipite ku zikwama ndi zopondera pakhomo, chitenje ku maepuloni ndi mapilo, zopepuka zikhale za m'kati.
5. Tenshoni yathina kapena msoko watalika pa nsalu yopyapyala. Masulani pang'ono, msoko ukhale mamilimita 2 mpaka 2.5.

Pali njira imene ndimaikonda kuposa zonse pa zidutswa zosalongosoka, zija zosiyana kukula ndi maonekedwe. Dulani nsalu ya maziko kuchokera ku shiti yakale ya pabedi, kukula kwake kofanana ndi chimene mukufuna. Ikani kachidutswa koyamba pakati nkhope ili m'mwamba. Kachiwiri kagonekeni pamwamba pake nkhope ili pansi, sokani m'mphepete kuboola mpaka maziko, tembenuzani, sitani. Pitirizani chomwecho mpaka maziko onse ataphimbika, kenako dulani zotsalira m'mbali. Mazikowo ndiwo amagwira zonse, ndiye za kupingasa zija sizivutanso, ndipo kachidutswa kakang'ono ngati bokosi la machesi kamapeza malo.

Ngati mwasoka kale ndipo patukuka pang'ono, yalani nsalu yonyowa pamwamba musite. Kukatukuka kwambiri, somolani msoko wapakati wokha muuwongole. Nthawi zambiri sipafunika kusomola zonse.

## Mphatso yachapidwa, utoto wathimbirira zinzake kapena yafupika mbali imodzi

Vuto ili limaonekera m'nyumba ya wolandira, inu mulibe, ndiye n'lofunika kulipewa lisanachitike.

Zidutswa sizinachapidwe. Nsalu ya thonje yatsopano imafupika ikachapidwa koyamba, pamene ya kaunjika kapena ya chovala chakale inafupika kale, ndipo ya poliyesita siifupika kwenikweni. Mukazilumikiza zosachapa, tsiku lochapa ina imabwerera ina ayi. Viikani zidutswa zonse m'madzi ofunda, mitundu yakuda payokha, yowala payokha. Tizidutswa tating'ono musatipikite chifukwa timayoyoka m'mbali. Ingoviikani, finyani pang'ono, yanikani.

Utoto ukutuluka. Zofiira, zabuluu wakuda ndi zakuda ndizo zimavuta kawirikawiri, komanso jinzi yatsopano. Nyowetsani kachidutswa, kaikeni pakati pa nsalu yoyera, panikizani ndi simbi yotentha. Yoyerayo ikatenga mtundu, tsukuluzani kachidutswako mpaka madzi ayere. Madzi akapanda kuyera mutasintha kangapo, musakaike pafupi ndi zoyera. Kagwiritseni ntchito ndi zakuda zinzake. Ambiri amathira mchere kapena viniga poganiza kuti utoto ugwira. Pa nsalu zopakidwa utoto ku fakitale musadalire zimenezo, kuyesa ndi nsalu yoyera ndiko kumanena zoona.

Fungo la chuku ndi timadontho takuda. Disembala kwathu kuno ndi dzinja, nsalu siziuma msanga. Zidutswa zosungidwa m'jumbo ya pulasitiki zisanaumitsitse zimachita chuku, ndipo timadontho take sitichoka bwino. Zachuku tayani. Zimene mwachapa ziumitsitse musanazisunge, ndipo muzisite mbali zonse. Kusitaku kuli ndi phindu linanso: nyengo ino ntchentche zija zobweretsa mphutsi zimaikira mazira pa nsalu zonyowa zoyanikidwa panja, makamaka pansi kapena pamthunzi, ndipo simbi yotentha imapha mazirawo. Pa chilichonse chimene chikakhudze khungu la khanda, musadumphe kusita.

## Zipi ya kachikwama yachita mafunde, ikukanirira kapena ikutseguka kumbuyo

- Mafunde: mwaikoka zipi kapena nsalu posoka. Igwirizizeni kaye ndi manja ndi misoko italiitali, musoke mbali zonse ziwiri kuchokera kumutu umodzi.
- Ikuluma nsalu ya m'kati: mwasoka pafupi kwambiri ndi mano. Siyani mpata woti kamutu kokokera zipi kadutse, kenako sitani nsalu kuichotsa ku mano, musokenso pamwamba kuti igone.
- Ikulimba poyenda: mazipi osomola ku zovala zakale amakhala ouma. Pakani kandulo kapena sopo wouma pa mano.
- Ikutseguka kumbuyo kwa kamutu: kamutuko kakhamuka. Kapanikizeni pang'ono ndi pulayazi mbali zonse ziwiri, muyese, mubwerezenso ngati pakufunika. Mukapanikiza kamodzi mwamphamvu kamasweka.
- Yatalika: ya pulasitiki yopota ija mukhoza kuifupikitsa. Sokani kangapo ndi manja pamalo pamene mukufuna ithere, mudule masentimita awiri kupitirira pamenepo. Ya mano achitsulo musaidutsitse pansi pa singano.

Ndipo musanasoke mbali zomaliza za kachikwama, tsegulani zipi mpaka theka. Mukaiwala mulibe potembenuzira.

## Chidole kapena pilo wachita mabumphu, kapena msoko ukuphulika

1. Zoikamo n'zazikulu. Zidutswa zosadula zimaumbika mibulu. Ziduleni zikhale tinyenyeswa tosaposa chala, mulowetse pang'onopang'ono, kuyambira m'ngodya, m'manja ndi m'miyendo, mukukankha ndi kumbuyo kwa pensulo.
2. Simunacheke mpata wa msoko pokhota. Musanatembenuze, chekani timing'alu m'malo okhota, kulekeza pafupi ndi ulusi osaudula, ndipo dulani nsonga za ngodya. Mukapanda kutero m'khosi ndi m'khwapa mwa chidole mumakokana.
3. Msoko watalika. Chinthu choti mudzachidzaze ndi zoikamo chimafuna msoko waufupi, mamilimita 2, ndipo m'malo okokedwa ndi ana musoke kawiri.
4. Potembenuzira panachepa. Siyani masentimita 6 mpaka 8 pa mbali yowongoka, ndipo mubwereze msoko kumayambiriro ndi kumapeto kwa mpatawo kuti usang'ambike.
5. Mwaikamo chakudya. Mpunga, nyemba ndi chimanga zimalemeretsa bwino chidole, koma zimaitana anankafumbwe ndi makoswe, ndipo zikanyowa zimaola. Thonje la kumunda lisalowe lili ndi njere zake.

Pa mwana wosakwana zaka 3, musaike mabatani, mikanda, kapena maso omata. Amazula ndi mano n'kumeza, ndipo zikhoza kumutsamwitsa. Maso ndi pakamwa sokani ndi ulusi. Zingwe zazitali ndi maliboni oti angazenge pakhosi musaikenso. Mukamaliza, kokani mwamphamvu mkono, mwendo ndi khutu lililonse. Chimene chingazuke m'manja mwanu chikazukanso m'manja mwa mwana.

## Chogwirira mphika chasungunuka kapena chikuotcha

Chifukwa chake chachikulu n'chakuti m'chogwiriracho mwalowa poliyesita kapena siponji. Zitenje zambiri zotsika mtengo masiku ano si thonje lokhalokha, ngakhale zimaoneka ngati thonje. Yesani panja, madzi ali pafupi: gwirani kachidutswa kakang'ono ndi pulayazi, muyatse nsonga. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesita imafwanyata, imasungunuka, n'kusiya kambulu kolimba. Yosungunukayo imamatirira pa khungu, choncho isapite ku chilichonse cha pamoto. M'kati ikani thaulo lakale la thonje kapena jinzi ya thonje yosanjikiza katatu, musoke mizere yodutsana kuti zisasunthe. Epuloni ya munthu wophika pa mbaula kapena pa nkhuni nayonso ikhale ya thonje.

## Makina alemera, akulira, kapena nsalu sikuyenda

1. Tiubweya tadzaza pa mano ndi mu shatulo. Zidutswa zimayoyoka kuposa nsalu yathunthu. Masulani kambale, sesani pakati pa mano. Nyengo ya mphatso chitani zimenezi madzulo alionse.
2. Mafuta auma. Dontho limodzi pa malo aliwonse pamene chitsulo chikukhudzana ndi chinzake, ndi limodzi panjira ya shatulo. Akhale mafuta a makina osokera, oyera aja. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ngati ulimbo, ndipo oyilo wa galimoto ndi wolemera. Mukathira, sokani pa kachidutswa kotayika kufikira mafuta atasiya kudetsa. Makina ena amakono a magetsi safuna kuthiridwa paliponse, ndiye onani kabuku kake.
3. Lamba wakhwefuka kapena wathina. Lamba wachikopa amatanuka ndi nthawi. Akamaterereka, masulani kawaya kolumikizira, dulani kachidutswa kosaposa sentimita imodzi, boolani bowo latsopano, lumikizaninso. Akathina kwambiri kupalasa kumalemera.
4. Nsalu ikungoima pamodzi. Onani ngati chosinthira kutalika kwa msoko sichili pa 0, ngati mano sanatsitsidwe, ndiponso ngati kagudumu ka pakati pa gudumu lalikulu munakamanganso mutatha kukulunga bobini.
5. Dzimbiri. Makina osiyidwa pafupi ndi windo nyengo ya mvula amachita dzimbiri pa kambale ndi pa shatulo. Aphimbeni ndi nsalu mukamaliza. Makina akale achitsulo amene auma ndi mafuta akale amamasuka mukadonthezera palafini pang'ono m'malo oyenda, kupukuta, n'kuthira mafuta atsopano. Chitani zimenezi kutali ndi moto, ndipo palafini asafike pa mota kapena pa lamba.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wokonza makina

- Singano yatsopano, yolowa bwino, ikumenya chitsulo pansi.
- Singano sikutola ulusi wa m'bobini ngakhale mwalowetsanso zonse.
- Gudumu lakana kuzungulira mutachotsa ulusi wonse wokodwa. Musalikakamize, m'makina ambiri amakono muli magiya a pulasitiki amene amathyoka mano.
- Nsonga ya shatulo yabenthuka, kapena kasipuling'i ka pa tenshoni kathyoka.
- Mota ikununkha kupsa, ikutulutsa utsi kapena zothetheka, chopondera chikutentha, makina akuyenda okha osapondedwa, kapena mukumva kugwidwa ndi magetsi mukakhudza chitsulo. Zulani pulagi nthawi yomweyo ndipo musalumikizenso.
- Makina otumizidwa ndi abale kuchokera ku America. Kumeneko magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 120, pamene ku Malawi ndi 230. Werengani kachikwangwani ka pa mota musanalumikize. Akakhala a 110 kapena 120 okha amafuna thiransifoma, apo ayi mota ipsa. Ochokera ku South Africa kapena ku Britain alibe vuto limeneli.

Kasikuluwu kakang'ono ka pa kesi ya bobini nakonso ndikupemphani kuti musakathamangire. Ngati mwatsimikiza kuti ulusi wa pansi ndiwo wakhwefuka kapena wathina, lembani chizindikiro pamene kanali, mukatembenuze pang'ono kwambiri, muli pamwamba pa mbale kuti kakagwa kasasowe. Mukayesa kawiri osasintha kanthu, kabwezereni pamene kanali.

Singano ikakubayani chala n'kuthyokera momwemo, kapena ikaboola chikhadabo, musaisolole nokha. Mangani ndi nsalu yoyera mupite kuchipatala, akaonenso za katemera wa kafumbata.

Popita kwa wokonza, tengani makina ndi bobini, kesi yake, singano imene inalipo, ulusi umene mumagwiritsa ntchito, ndi kachidutswa koonetsa vutolo osakasomola. Muuzeni chimene mumasoka pamene vuto linayamba. Akamaliza, musachoke musanasoke nokha pa chitenje chosanjikiza kawiri ndi pa jinzi yosanjikiza kanayi iye akuona. Ndipo ngati makina anu sanaonedwe chaka chino, apititseni mu Novembala, chifukwa sabata ziwiri za Khirisimasi isanafike matelala onse amakhala ali pa mzere womwewo ndi makina awo.